Dambe la Apongozi

Padangokhala, kale lomwe nyama zikadali ndi midzi, mafumu ndi miyambo yawo, padali mayi wina dzina lake Nungu, amene tsoka lidamufikira pakhomo litavala mchira wokongola. Mwana wake wamkazi, Mwatitha, adakwatiwa ndi Gologolo. Nungu sadamufune mkamwiniyo kuyambira tsiku loyamba, koma mtsikana akati ndi yemweyu, mungatani? Gologolo adamanga kanyumba kuseri kwa nkhokwe ya apongozi ake, nayamba chikamwini, ndipo posakhalitsa padabadwa adzukulu awiri.

Chaka china kudagwa njala. M'mudzimo mudali mabanja asanu ndi atatu, ndipo onse ankadalira mlambe umodzi wokha. Malambe ogwa okha adatha msanga, otsala adali m'mwamba, ndipo mwa eni mudzi mudalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kukwera mtengo. Njiri, nyakwawa wa mudziwo, amene ankakonda mwambo kuposa mimba yake, adaitanitsa msonkhano.

"Pakufunika wokwera, ndipo wokwerayo ndiye akhalenso wogawa," adatero Njiri. "Gologolo amakwera, koma ndi mkamwini. Wobwera sitimupatsa udindo popanda womuimira. Amuimire ndani?"

Maso onse adatembenukira kwa Nungu. Mwatitha adawakodola mayi ake, mosamala ndithu poopa minga. Nungu adavomera, ndipo mpaka lero amadzifunsa chimene chidamulowa.

"Mwambo mukuudziwa," adapitiriza Njiri. "Mabanja amene abwera ku mlambe alandire mofanana. Dambe silidulidwa pakati. Zotsala ndi za wogawa, kuti anthu asamenyanirane. Koma dandaulo likandipeza katatu, banja la womuimira lichoka pa mlambe mpaka zokolola."

Kuchoka pa mlambe chaka chimenecho kudali kukumbira adzukulu manda, ndipo Nungu adadziwa zimenezo.

Ku mlambe mabanja ankapita awiriawiri, poti dengu limodzi ankanyamulizana mabanja awiri. Choncho tsiku lina kunkafika anayi, lina asanu ndi limodzi, lina onse asanu ndi atatu. Tsiku loyamba kudafika anayi. Gologolo adakwera, nasuzumira pansi milomo ikugwedera, kenaka adayamba kuponya: thi! thi! thi! Atakwana khumi ndi limodzi adaleka.

"Ponyani limodzi lina, achimwene," adakuwa Nkhanga, mayi wolongolola wa m'mudzimo.

"Mkono watopa, mayi."

"Limodzi lokha!"

"Enawa ngosakhwima. Mukufuna ana atsegule m'mimba?"

Adatsika nagawa mwaulemu, awiriawiri banja lililonse. Padatsala atatu. Gologolo adawanyamula nakawabisa m'mphako mwake, osati m'nkhokwe ya apongozi, ayi. Dzuwa lisanapendeke Nkhanga adali atafika kale kwa nyakwawa, akuti munthu mmodzi angapose bwanji banja lathunthu. Limenelo lidali dandaulo loyamba.

Tsono chomvetsa chisoni ndi ichi. Mwa onse amene adali pamenepo, Nungu yekha ndiye adaona kuti milomo ija inkawerenga mabanja. Koma mpongozi wamkazi sayankhula ndi mkamwini wake. Akakumana panjira wina amapatuka, pagulu mayi amafunda nsalu kumutu, ndipo mawu aliwonse amadzera mwa munthu wina. Nungu adali ndi mawu odzaza dengu koma adalibe potulutsira, ndiye adaitana mwana wake.

"Pita ukawauze amuna akowo kuti ndaona zimene achita, ndipo akadzachitanso ndidzawasosola mchira uja ubweya umodziumodzi."

Mwatitha, amene chikondi chidamutseka m'makutu kalekale, adapita nakagwada. "Amayi akuti aona ntchito mwagwira lero. Anenaponso za mchira wanu."

"Uwathokoze," adayankha Gologolo akukukuta dambe. "Uwauze kuti ndimaupesa m'mawa uliwonse."

Nungu adatuma Fulu, nkhoswe ya ukwatiwo, kuti akamudzudzule. Fulu adati nkhani yotere imafuna nkhoswe zonse ziwiri, nanyamuka kukaitana mnzake wa kuchimuna. Amene akudziwa mayendedwe a Fulu asafunse kuti adabwerako liti.

Chidamutsalira Nungu ndi mtondo basi. Adathiramo timadeya, nayamba kusinja akuimba nyimbo yonena za mlendo wa masaya otakata amene amawerengera kumimba kwake, ndi za mwini nyumba amene adameza mawu mpaka khosi lidatupa. Nyimboyo inkakwera munsi ukakwera nkugwera limodzi ndi munsi, ndipo amayi a nyumba zoyandikana ankavomereza pofika pa khosi lotupa paja. Dzina silinkatchulidwa, koma ndi ana omwe ankadziwa amene nyimboyo inkanena.

Mkwiyo utatsikako adakhala pansi nasonkhanitsa minga yake yothothoka, poti chiyambire ukwatiwu inkathothoka yambiri. Adaganiza motere: ngati zotsala ndi za wogawa, ndiye pasamatsale kanthu. Koma adziwa bwanji kuti mawa kubwera mabanja angati? Pankafunika chiwerengero chimodzi chokomera masiku onse. Adayamba ndi minga khumi ndi iwiri. Pa milu inayi idakwana itatuitatu. Pa milu isanu ndi umodzi idakwana iwiriiwiri. Koma pa milu isanu ndi itatu idatsala inayi, ndipo Nungu adachita kuwaona m'maganizo masaya a mkamwini wake akutupa.

Pamenepo adayamba kuswa ziwerengerozo monga amaswera dambe pofuna kuona nthangala. Anayi ndi awiri kawiri. Asanu ndi atatu amasweka kukhala anayi omwewo kawirinso, choncho chokwanira mabanja asanu ndi atatu chikwaniranso anayi, apo palibe vuto. Koma asanu ndi limodzi amasweka kukhala awiri katatu, ndipo katatu ameneyu mwa asanu ndi atatu mulibe, ungaswe chotani mumangotuluka awiri okhaokha. Ndiye adatenga minga isanu ndi itatu naiyala katatu, yonse pamodzi makumi awiri ndi inayi. Adaigawa pa milu inayi, psiti. Pa isanu ndi umodzi, psiti. Pa isanu ndi itatu, psiti, osatsala ndi umodzi womwe. Adadzuka nathamangira kwa nyakwawa.

"A Nyakwawa, lamulani kuti wokwera asamatsike mpaka malambe atakwana makumi awiri ndi anayi."

"Chifukwa?"

"Amenewo sasiya zotsala, kaya tibwere anayi, kaya asanu ndi limodzi, kaya tonse."

Njiri adakanda pamutu. "Makolo sadanenepo za makumi awiri ndi anayi."

"Nanga adakaniza?"

Njiri adaganiza nthawi yaitali, mpaka Nungu adayamba kukayika ngati sadagone, kenaka adavomera kuti sadakanize.

Ulendo wachiwiri kudafika mabanja asanu ndi limodzi. Gologolo sadatsutse lamulo latsopanolo. Adakwera akuimba mluzu, naponya malambe, Nungu ali poteropo chofunda nsalu kumutu akuwerenga kugwa kulikonse. Adakwanadi makumi awiri ndi anayi. Gologolo adatsika, nawaunjika bwinobwino, kenaka adagwada pamaso pa Njiri akuwomba m'manja.

"Wawa, a Nyakwawa. Ine m'mudzi muno ndine wobwera, ndipo chakudya chonsechi chadzera m'manja mwanga. Mawa mwana wa wina akadwala, adzati mkamwini wa kwa Nungu adathira mankhwala. Ndiloleni ndichotse ufiti, ndilawe limodzi pamaso panu."

Njiri adatsala pang'ono kulira. "Mwamva? Mwana woleredwa ndi ameneyu! Ana a masiku ano ndani akukumbuka zochotsa ufiti?"

Gologolo adasankha dambe lalikulu, naliswa, go! Adalidya mosafulumira, nadikira pang'ono atagwira pamimba, anthu onse akumuyang'ana.

"Mulibe kanthu," adatero. "Tingathe kugawa."

Pamulu padatsala makumi awiri ndi atatu. Banja lililonse lidalandira atatu m'malo mwa anayi, ndipo pansi padatsala asanu.

"Asanu!" adakuwa Nkhanga. "Ndi lolawa lija asanu ndi limodzi! Ife banja lonse atatu! Kodi kwa a Nungu kwamangidwa nkhokwe zingati chaka chino?"

"Ine sindinalaweko ndi nthangala yomwe!" adatero Nungu m'kati mwa nsalu.

"Akhulupirire ndani, mayi?"

Njiri adati mwambo sudaphwanyidwe, komabe dandaulo ndi dandaulo, ndipo limeneli ndi lachiwiri. Nungu adapsa mtima mpaka minga yonse idaima. Akadakhala munthu wina akadamugwira pakhosi pomwepo, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Adabwerera kunyumba, adzukulu akumufunsa chifukwa chake malambe achepanso.

Atafika adayalanso minga, ulendo uno makumi awiri ndi itatu, kuti aone chimene chidamuchitikira. Pa milu iwiri udatsala umodzi. Pa itatu idatsala iwiri, pa inayi itatu. Adayesa isanu, adayesa isanu ndi iwiri, adayesa khumi, chiwerengerocho chidakana aliyense. Sichisweka, chilibe m'bale. Ukafuna chikwane, udye wekha kapena uitane anthu makumi awiri ndi atatu. Adayesanso khumi ndi limodzi a tsiku loyamba aja, napeza kuti nawonso ndi a mtundu womwewo.

"Ziwerengero zaumbombo," adadandaula yekha. "Ndipo mkamwini wanga amazidziwa ngati ndi anthu akwawo."

Adabwerera pamtondo. Nyimbo idali yomwe ija, ya masaya otakata ndi khosi lotupa, koma tsopano idaonjezeka ndime yonena za mlendo woopa ufiti, amene mantha ake amamunenepetsa. Munsi unkagwa mwamphamvu mpaka madeya ankaulukira kunja. Amayi ovomereza adachepa, poti ena adali atayamba kukhulupirira za nkhokwe zija. Ali mkati moimba, Nungu adaona mchira ukugwedezeka kuseri kwa nkhokwe. Gologolo ankavina! Posakhalitsa Mwatitha adabwera akumwetulira.

"Amayi, akuti muli ndi mawu okoma. Akuti mubwerezenso ndime yatsopanoyo, sadaigwire bwino."

Nungu adaponya munsi pansi napita kwa nyakwawa, osagwedeza ndi madeya omwe kumutu.

"Akhale makumi awiri ndi asanu," adatero. "Limodzilo ndi la ufiti wawowo."

"Makolo..."

"Sadakanize, a Nyakwawa!"

Ulendo wachitatu kudafika mabanja onse asanu ndi atatu, ena chifukwa cha njala, ena kudzaonerera Nungu akuchotsedwa. Nungu adakhala pambali ndi adzukulu ake, nsalu ili kumutu. Gologolo adaponya makumi awiri ndi asanu, natsika, nachotsa ufiti monga adachitira ulendo wachiwiri uja. Padatsala makumi awiri ndi anayi, atatuatatu banja lililonse. Nungu adapuma mpweya wautali, nati chamumtima lero zatheka.

Pamenepo Gologolo adatola dambe limodzi pamulu. Adayenda chowerama, maso ali pansi, mpaka adafika pamene padakhala apongozi ake, nagwada.

"A Nyakwawa ndi inu nonse," adatero ndi mawu ofatsa. "Ndakhala pakhomo pa amayiwa zaka zonsezi, ndikumwa madzi awo, ndikuwotha moto wawo, osawapatsako ndi kanthu komwe. Zimandiwawa. Lero pamaso pa mudzi wonse, dambe ili ndi la apongozi."

Nungu asanabise manja, dambe lidali litakhala kale m'manjamo.

"Ulemu wake!" adafuula Njiri. "Mwaona inu?"

"Abwezere pamulu!" adakuwa Nkhanga.

"Cha apongozi chibwerere pamulu?" adafunsa Gologolo ngati wolasidwa. "Ndiye kuti andikana pagulu. Ndikamange katundu?"

"Sichibwerera," adagamula Njiri.

Mwatitha adali poteropo misozi ili lengelenge, adzukulu atagwira nsalu ya agogo awo. Dambe lidatsala m'manja mwa Nungu. Gologolo sadachedwe. Pamulu padali makumi awiri ndi atatu aja kachiwiri. Adagawa awiriawiri mothamanga, ndipo pansi padatsala asanu ndi awiri.

"Taonani!" adalira Nkhanga, akuyenda kulunjika kwa nyakwawa. "Agwirizana! Mkamwini asanu ndi awiri, apongozi lawo lapadera, ife awiriawiri! A Nyakwawa, ine ndabwera kudzapereka dandaulo la..."

Nungu adayang'ana adzukulu ake, nayang'ana dambe lija. Mtima udamuwawa kwambiri, poti tsopano ankaoneka mbava mudzi wonse ukuona, ndi umboni uli m'manja. Koma poliyang'anitsitsa dambelo adazindikira chimene mkamwini wake wachita. Paja ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

"A Nyakwawa!" adafuula. "A Nkhanga asanatsirize, ndifunseko za mwambo, poti mwini wake ndinu. Mkamwini akapereka mphatso m'manja mwa apongozi ake anthu akuona, chimachitika nchiyani?"

Njiri adakondwa kuti wafunsidwa. "Manyazi amathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo amayankhulana."

"Ndiye atha?"

"Atha."

Nungu adachotsa nsalu kumutu pang'onopang'ono, naipinda, natembenuka. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ukwatiwu adamuyang'ana Gologolo m'maso.

"Akamwini."

"Wawa, amayi."

"Ndili ndi mawu anu ambiri, ndawasunga bwino, ndipo muwamva onse. Koma tiyambe ndi a lero. Kanyumba mumagona kaja kali pamalo pa yani?"

"Panu, amayi."

"Mkamwini akalima, zokolola zimalowa m'nkhokwe ya yani?"

Gologolo adayang'ana kumwamba ngati wamva wina akumuitana mumtengo.

"Ya apongozi," adayankha Njiri msangamsanga, poopa kuti wina angamutsogolere.

"Zikomo. Ndiye asanu ndi awiriwo ndi a wogawa, ndipo wogawayo ndi wa pakhomo panga. Bweretsani kuno, akamwini. Onse. Ndi ilo mwakhalira ndi mchiralo."

Gologolo adawabweretsa. Nungu adawandandalika pansi, naika dambe lake pamapeto pa mzere.

"Asanu ndi awiri, ndi langali, asanu ndi atatu. Pamulu sindinabwezere, a Nyakwawa, mwambo usadandaule. Awa ndi anga, ndipo zanga ndimapatsa amene ndafuna. Banja lililonse litengepo limodzi. Ndipo zikhala chomwechi ulendo uliwonse. Tikabwera anayi patsala atatu, ndi langa anayi. Tikabwera asanu ndi limodzi patsala asanu, ndi langa akwana. Akamwini apitirize ulemu wawo, ine ndilandira."

Mabanja adatola limodzilimodzi. Nkhanga adawerenga ake, nawerenganso, napeza atatu monga wina aliyense.

"Nanga dandaulo lija, a Nkhanga?" adafunsa Njiri.

"Ndimati ndingopereka moni," adatero Nkhanga.

"Dandaulo losatsiriza si dandaulo," adagamula Njiri. "Banja la Nungu likhala pa mlambe."

Pobwerera kumudzi Nungu adatsogola, malambe atatu a banja lake ali m'manja, adzukulu akudumphadumpha. Mtima wake udapepuka, khosi lomwe lidaphwa. Koma asanapite patali adamva timapazi pambali pake. Adali Gologolo, akuyenda naye phewa ndi phewa pakati penipeni pa njira, nkhope ili ngwee.

"Mwayankhula bwino lero, amayi. Ine ndinanyadira."

"Simunamve kanthu, akamwini. Tikafike kaye."

"Mukudziwa, amayi, mnzanga wina amene adakwatira kwa a Mbawala adapereka khasu latsopano ndi nsalu ziwiri kuti ayankhule ndi apongozi ake. Ine zaka zonsezi ndimasowa tulo, ndimati ndidzazitenga kuti."

Nungu adaima njii. Pakamwa pake, pamene akamwini ena amatsegula ndi khasu ndi nsalu, padatsegulidwa ndi dambe limodzi, la mudzi, ndipo dambelo adali atalipereka yekha kwa anthu ndi manja ake.

"Tsono poti tikuyankhulana," adapitiriza Gologolo, maso ali pa malambe aja, "atatu athuwa tigawana bwanji? Pakhomo tilipo asanu. Atatu kwa anthu asanu sakwana ndi limodzilimodzi lomwe, ndiye kuti onse ndi otsala. Ndipo wogawa..."

Nungu adatambasula nsalu ija, nakulungamo malambe atatuwo, naiberekera kumsana, pakatikati pa minga. Kenaka adaimitsa minga yonse mpaka idalira, wayawaya.

"Ndi awa, akamwini. Bwerani mudzagawe."

Gologolo adayang'ana mingayo, milomo idayamba kugwedera monga mwa chizolowezi, kenaka idaleka. Madzulo amenewo adzukulu adadya malambe mpaka kukhuta, bambo awo ali pa denga la nkhokwe akumvetsera mawu aja adasungidwa, kuyambira a tsiku laukwati.

Nthano yathera pamenepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaione yekha, ine sindigawa.